Lumo langa likuzula ndevu m'malo mometa

Chindevu: Akuluakulu, ndithandizeni. Alamu anga anandipatsa lumo lopinda la Dovo, lopangidwa ku Solingen ku Germany. Poyamba linkameta bwino, koma pano likungokoka ndevu mpaka misozi. Ndilinole pa mwala womwe timanolera mipeni ya kukhitchini?

Wometa wakale: Ayi achimwene, mwala umenewo ndi wokhakhala, muliwononga. Yambani ndi lamba wachikopa. Mangani mbali imodzi pa msomali, inayo muikoke kuti lamba akungike. Gonekani lumo, msana ndi kuthwa komwe zikhudze chikopa, ndipo msana ndiwo uzitsogola. Mukafika kumapeto, tembenuzirani pamsana, osati pakuthwa, apo ayi mudula lambayo. Osadinikiza. Maulendo 40 kapena 50 musanamete ndi okwanira. Chikopa sichinola kwenikweni, chimangowongola kuthwa komwe kwapindika pometa.

Mai wa saluni: Chikopa chikakanika ndiye kuti labunthadi. Apo pafunika miyala yonolera yomwe imanyowetsedwa ndi madzi: wa nambala 4000, kenako wa 8000 (nambala ikamakula, mwala umakhala wosalala kwambiri). Wa 1000 ndi wa lumo lobenthuka kapena lobunthiratu basi. Pamwala zimasiyana, kuthwa ndiko kumatsogola, koma msana usadzuke. Mukamaliza, yesani kuthwa kwake pa ubweya wa pamkono.

Chindevu: Nanga lamba wa thalauza angathandize?

Wometa wakale: Ngati ndi chikopa chenicheni, chosalala, chopanda misoko, inde. Awa apulasitiki a pamsika ayi. Ndipo mukameta muzilipukuta liume, mulidzoze timafuta, chifukwa dzimbiri limayambira pakuthwa pomwepo.