Uthenga wa pa inReach unachedwa kutuluka pa Chapaluka, kodi ndikulakwitsa pati?

GaidiWaLikhubula

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ine ndimaperekeza alendo m'phiri la Mulanje, ndipo chaka chatha mlendo wina amene ndinakwera naye Sapitwa anandisiyira inReach Mini 2, kachipangizo ka kampani ya Garmin kotumizira mauthenga kudzera pa setilaiti kumalo kopanda netiweki ya foni, nanena kuti azilipira yekha mwezi ndi mwezi. Ndakhala ndikungoyenda nako, koma sabata yathayi ndi pamene ndinakafuna zenizeni.

Tinali anthu asanu: alendo awiri, mapota awiri ndi ine. Tinagona pa Chambe, mawa lake pa Chisepo, tinakwera Sapitwa, kenaka tinabwerera. Potsika tinasankha njira ya Chapaluka chifukwa alendowo amafuna kusamba pa Dziwe la Nkhalamba. Tili mkati mwa khwawa, mayi mmodzi anaterereka pamwala wonyowa ndi kubinya phazi. Foni inalibe netiweki. Ndinalemba uthenga kwa dalaivala woti abweretse anyamata anayi ndi machira, ndipo ndinautumiza cha m'ma 2 koloko. Timivi tosonyeza kuti uthenga ukutumizidwa tinangokhala pasikirini, osamveka kulira kosonyeza kuti wapita. Chiperoni chinali chitatsika, mayiwo akunjenjemera, ine ndikungoyang'ana kachipangizo. Patatha pafupifupi ola ndinatuma pota mmodzi kuti athamange wapansi. Uthenga unadzatuluka titawanyamula mayiwo pamsana mpaka pamalo poyera.

Mafunso anga ndi atatu. Kodi ndi nkhungu imene inatchinga? Chachiwiri, dalaivala akuti anandiyankha nthawi yomweyo, koma yankho lake ndinaliona tili kale pa Likhubula. Chachitatu, batire inali itatsala pang'ono kutha pa tsiku lachinayi, pamene ndinamva kuti imakhala masabata awiri. Usiku ndimakasunga m'chikwama m'kati mwa hut kali koyaka. Komanso mtima wanga sukukhazikika: kodi ndimayenera kudina SOS, batani loitanira thandizo pangozi?

FundiWaChitakale

Pepani achimwene ndi zimene munakumana nazo. Nkhungu musaiimbe mlandu, mafunde amene kachipangizoka kamagwiritsa ntchito amadutsa mitambo ndi mvula bwinobwino. Chimene samadutsa ndi mwala, ndipo masamba onyowa a mitengo yothithikana amawafooketsa kwambiri. Pa Chapaluka muli nazo zonse ziwiri.

Mumvetse kuti m'kachipangizomo muli ntchito ziwiri zosiyana. GPS imangomvetsera masetilaiti amene ali kutali, makilomita pafupifupi 20,200, kuti idziwe pamene mwaima. Uthenga sudutsa kumeneko ayi. Umadutsa pa masetilaiti a Iridium, amene alipo 66 ogwira ntchito, ndipo ali pafupi, makilomita pafupifupi 780. Amenewa sakhala malo amodzi ngati setilaiti ya dishi ya kanema. Amathamanga, kuzungulira dziko m'mphindi pafupifupi 100, ndiye imodzi ikatulukira kumwamba kwanu, pakangotha mphindi zochepa yalowa kale kuseri. Njira zawo zimadutsa kumpoto ndi kumwera kwenikweni kwa dziko, kumene amathithikana, pamene kuno kwathu kufupi ndi equator amatalikirana. Tsono mukakhala m'khwawa, thambo limene mukuliona ndi kampata chabe pakati pa mapiri awiri. Mumadikira mpaka setilaiti ina idzadutse pa kampata kameneko, ndipo ikhoza kudutsa isanamalize kulandira.

Ndiye tsiku lina musadzayime pamene pali wovulalayo n'kumayang'ana sikirini. Siyani pota ndi wodwala, inu pitani pa thanthwe lililonse loyera, ngakhale kuyenda mphindi khumi. Kanyanga ka kachipangizoko kaloze kumwamba, musakafumbate m'dzanja, ndipo thupi lanu lisakatchinge. Poyenda kazikolekani palamba wa chikwama paphewa, osati m'thumba la buluku. Kakakufunsani ngati mudikire GPS, ndipo zinthu zili zachangu, tumizani choncho koma lembani nokha malo amene muli, mwachitsanzo "Chapaluka, pamwamba pa dziwe".

Za yankho la dalaivala: si foni iyi, sikamvetsera nthawi zonse. Mukatumiza uthenga kamatchera khutu kwa mphindi 10, kenaka kamangofufuza kamodzi pa ola, kapena pamene kakutumiza malo anu, pofuna kusunga batire. Ngati mukudikira yankho, lowani pa mauthenga ndipo mukauze nokha kuti kafufuze, muli poyera.

Batire ija mwaimaliza m'hut. Pansi pa malata sikaona setilaiti, ndiye usiku wonse kamavutika kuyesa kutumiza malo anu. Masiku 14 aja amanena pamene kakutumiza malo mphindi 10 zilizonse thambo lili poyera. Pansi pa mitengo eni ake amati masiku anayi. Mukafika pogona tumizani uthenga muli panja, imitsani tracking (kutumiza malo anu kokha), kazimitseni. Kuzizira kwa pa Chisepo mu Juni ndi Julaye nakonso kumadya batire, choncho kagone nanu m'chofunda. Mukasintha kuti kazitumiza malo mphindi 30 zilizonse, mudzaona kusiyana kwakukulu.

MkuluWaThuchila

Mwana wanga, za masetilaiti afundi anena. Ine ndiyankhepo za SOS, poti ndanyamula anthu pa machira m'phirimo kuyambira ndili mnyamata.

Munachita bwino kutuma pota. Phazi lobinya, munthu akulankhula, dzuwa likadalipo, mudzi uli pafupi: pamenepo miyendo ya mnyamata imaposa batani. Mukadina SOS, uthenga umapita ku Garmin Response ku America, kumene kumakhala anthu usana ndi usiku. Iwo amakulemberani kufunsa chimene chachitika, amaimbira manambala amene analembedwa pa akaunti, n'kufunafuna oyenera kuthandiza kuno kwathu. Koma amene adzakwere phiri kudzakutengani ndi ife tomwe, magaidi, mapota ndi anthu a zankhalango. Choncho SOS isungireni zazikulu: munthu wakomoka, wamenya mutu, fupa latulukira, magazi sakuleka, kapena wina wasowa m'nkhungu. Pamenepo musazengereze, dinani, kenaka tumizaninso uthenga kwa anthu a pansi pano. Ndipo musakazimitse mpaka thandizo lifike, chifukwa kamakhala kakutumiza malo anu mphindi iliyonse poyamba, kenaka mphindi 10 zilizonse.

Koma ine chimene chandidetsa nkhawa m'nkhani yanu ndi china. Mwati akulipira ndi mlendo uja. Ndiye kuti akaunti ili m'dzina lake, ndipo mwina manambala a pangozi ndi a abale ake kwawo kutali uko. Mutadina lero, angaimbire munthu amene sadziwa kuti Chapaluka n'chiyani, pa nkhani ya munthu amene ali kunyumba kwake ali bwinobwino. Komanso mwezi umene adzaiwale kulipira, batani limenelo silidzagwira ntchito, inu muli pa Sapitwa osadziwa. Mulembereni lero lomwe.

Amene tinalipo mu 2009, pamene mnyamata wa ku Brazil anasowa pa Sapitwa m'nyengo yozizira, tikukumbukira masiku amene anthu anatha akumufuna m'miyala muja asanapezeke atamwalira. Kudziwa malo enieni amene munthu ali ndi chinthu chachikulu, n'chifukwa chake ndikufuna kachipangizo kanuko kakhale kolongosoka.

NaphiriWakuLujeri

Bambo, ine ndili mbali inayo, ya wolandira. Amuna anga amakwera ndi alendo kudzera kuno ku Lujeri kupita ku Madzeka ndi Minunu, ndipo uthenga wawo umafikira pa foni yanga. Poyamba tinkavutika. Uthenga umabwera ndi nambala yachilendo, osati yawo, ndipo tsiku loyamba ndinauyesa wa akuba a pafoni aja, ndinaufufuta. Uzani dalaivala wanu ndi akunyumba asanauone. Poyankha ayankhe pa uthenga womwewo, ndipo foni ikhale ndi mayunitsi, bandulo ya mauthenga a m'dziko muno musaidalire. Ngati mwatumiza pa imelo, wolandirayo asayankhe ngati imelo wamba, adine linki imene ili m'katimo n'kulemba pamenepo. Linki yomweyo imaonetsa pa mapu pamene muli, koma imafuna intaneti.

Ife tinagwirizana chonchi: akafika pa hut amatumiza "tafika bwino". Ikakwana 7 koloko usiku ndisanalandire, sindiyamba kulira ayi, ndimadikira mpaka 8 koloko m'mawa, chifukwa ndikudziwa kuti kukhwawa la Ruo uthenga umachedwa. Ikapitirira pamenepo ndimaimbira mkulu wa magaidi. Chiyambire mvula ya Freddy mu Malichi 2023, njira zina zinagumuka ndipo mtima sukhala m'malo mwamuna akakhala kumwamba, koma pangano limeneli limandigoneka tulo.

Ndipo lembani mwachidule, uthenga umodzi umalola zilembo 160 basi. Yambani ndi malo, kenaka vuto, kenaka chimene mukufuna.

FundiWaChitakale

Ndionjezere kamodzi. Mukamawerengera munthu manambala a malo, onetsetsani kuti nonse mukugwiritsa ntchito kalembedwe kamodzi. GPS imayendera kalembedwe kotchedwa WGS 84, pamene mapu akale apepala a boma anajambulidwa pa kena kotchedwa Arc 1950. Mukasakaniza, malo amasuntha ndi mamita oposa 100, ndipo pa Chambe mamita amenewo akhoza kukhala pamwamba pa phompho kapena pansi pake.

GaidiWaLikhubula

Zikomo nonse, makamaka inu bambo a ku Thuchila. Ndamulembera mlendo uja ndipo wayankha: manambala a pangozi analidi a mchemwali wake ndi mnzake wa kuntchito. Wachotsa, waika ya mkazi wanga ndi ya wapampando wathu wa magaidi, ndipo walemba kuti kachipangizoka kali ndi gaidi ku Mulanje, Malawi. Tagwirizana kuti azindiuza mwezi uliwonse akalipira.

Dzulo ndinabwerera ku Chapaluka ndekha kukayesa. Pamalo pamene anagwera mayi aja ndinadikira mphindi 25, osatuluka. Ndinakwera pa thanthwe lina loyera chakumtunda pang'ono, kanyanga kuloza kumwamba, uthenga unapita ndisanamalize kumwa madzi. Mkazi wanga anayankha, ndinafufuza ndekha, yankho linalowa. Thanthwe limenelo ndalisunga m'kachipangizo ngati waypoint, chizindikiro cha malo choti ndidzawapezenso. Loweruka ndikukwera ndi alendo atatu kudzera pa Skyline mpaka ku Lichenya, ndipo ndiyesa malo ena anayi kapena asanu. Mayi a ku Lujeri, afunseni bambo akunyumba ngati angachite chimodzimodzi mbali ya Madzeka, tidzaphatikize malowo pa pepala limodzi loti magaidi onse akhale nalo.