Peugeot 504 ya ku Chitakale: ndinaitanidwira paipi imodzi, lero oyilo wasanduka tiyi wamkaka

Makanika wa ku Chitakale:
Akuluakulu ndi anzanga a ntchito, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo kwa sabata ziwiri. Aphunzitsi ena opuma pa ntchito kuno ku Mulanje ali ndi Peugeot 504 ya 1978 imene anawasiyira malemu bambo awo, ndipo galimotoyo yakhala m'chisakasa kuseri kwa nyumba zaka 11 osayenda. Anandiitana kuti ndikasinthe paipi ya m'munsi ya radiyeta imene inkadontha, ndipo tinagwirizana mtengo wa ntchito ya theka la tsiku, poti iwo akufuna kuti zonse zichitikire pakhomo pawo akuona. Nditakoka paipiyo, khosi la radiyeta linatsalira m'manja mwanga chifukwa linali litadyeka kale. Radiyeta itawotcheredwa ku Limbe n'kubwezeretsedwa, madzi anayamba kutulukira pa pampu. Titasintha pampu injini inalira bwino, koma madzi a mu radiyeta ankachita thovu, ndipo ndinadziwa kuti gasiketi, yomwe imatseka pakati pa silinda hedi (chivundikiro cha pamwamba pa injini) ndi buloko, yapsa. Ndinachotsa silinda hedi, ndinaitumiza ku Blantyre kuti akaipale, kenako ndinamanga ndi gasiketi yatsopano. Injini italira mphindi 20 ndinayang'ana oyilo, ndipo ndinapeza atasanduka ngati tiyi wamkaka, chikhalirecho ndisanatsegule injiniyo oyilo anali wakuda koma wopanda madzi. Kodi vutoli lachokera kuti? Eni galimoto ayamba kundiyang'ana ndi diso lina.

Makanika wa ku Luchenza:
Achimwene, pepani ndi zimenezi. Ine ndikukayikira zinthu ziwiri. Magasiketi a galimoto zakale amene akupezeka masiku ano ena ndi achinyengo, ena anakhalitsa pa shelefu mpaka kuuma. Komanso hedi ya 504 ndi ya aluminiyamu, ndipo ngati inatenthapo kwambiri ingakhale ndi mng'alu wosaoneka ndi maso. Kodi popala paja anaiyesanso ndi mphamvu ya mpweya kuti aone ngati ikutulutsa?

Makanika wa ku Chitakale:
Anaiyesa achimwene, ndipo ndinalipira padera. Inapezeka yabwino. Gasiketi ndinaiyerekeza ndi yakale bowo ndi bowo ndisanamange.

Makanika wopuma wa ku Thyolo:
Mwanawe, ndisanayankhe ndikufunse funso limodzi, ndipo undiyankhe mosabisa. Pamene hedi inali ku Blantyre, kodi pali munthu amene anatembenuza crankshaft, chitsulo chozungulira chimene mapisitoni amalumikizidwako, ngakhale pang'ono chabe, kapena kukankha galimotoyo ili m'giya?

Makanika wa ku Chitakale:
Bambo, sindinama. Ndinauza mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito kuti apale mwaye pamwamba pa mapisitoni, ndipo kuti onse anayi awafikire, tinatembenuza injini ndi sipanala kangapo. Ndimachita choncho nthawi zonse pa Toyota ndi Nissan, ndipo sindinaonepo vuto.

Makanika wopuma wa ku Thyolo:
Pamenepo ndiye pagona nkhani. Injini zimene unazolowera, mabowo a mapisitoni anawabowola m'buloko mwenimwenimo, ndipo ungatembenuze tsiku lonse popanda chosuntha. Injini ya 504, ya 1971 cc imene amaitcha XN1, sinapangidwe choncho. Pisitoni aliyense amayenda mu silivu yake, chitsulo chonga paipi, ndipo silivuyo inangokhazikidwa m'buloko, madzi oziziritsa injini amaizungulira mwachindunji. M'munsi mwa silivu iliyonse muli kasilo kopyapyala kamene kamatchinga madzi kuti asatsikire mu sampu, mmene mumakhala oyilo pansi pa injini. Chimene chimapanikiza masilivuwo kuti akhale pa masilo awo si china ayi, ndi silinda hedi yomweyo. Ukaichotsa, masilivu amatsala opanda chowagwira, ndipo pisitoni akamakwera, maring'i ake amakoka silivu n'kuinyamulako pang'ono. Ngakhale itakwera pang'ono ngati kukhuthala kwa tsitsi, silo ya zaka zoposa 40 imang'ambika, ndiponso dzimbiri ndi matope a m'njira za madzi zimagwera pa mpando wake, kotero kuti ukamanganso hedi silivu siikhalanso bwino.

Pamene ndinkagwira ntchito m'galaja ya ku esiteti ya tiyi, lamulo loyamba pa Peugeot linali lakuti hedi ikangochoka, usanagwire china chilichonse, upanikize masilivu. Tinkatenga mabawuti a hedi omwewo, kuwaveka kachitsulo ka paipi ndi washala wamkulu wofika pa milomo ya masilivu awiri oyandikana, n'kumanga. Ngakhale pochotsa hediyo sitinkaizula molunjika kumwamba, chifukwa gasiketi yakale imamatirira ku masilivu n'kuwakoka; tinkayamba taigwedeza cham'mbali kuti imatuke. Usachite manyazi, ambiri a ife tinaphunzira zimenezi titalakwitsa kale.

Koma usangokhulupirira mawu anga. Khetsa oyilo, chotsa sampu, dzaza madzi mu radiyeta, popera mpweya pang'ono ndi pampu yoyesera, kenako ugone pansi ndi tochi. Ukaona madontho akutsetsereka kuchokera m'munsi mwa silivu, wapeza mbala yako.

Makanika wa ku Luchenza:
Bambo, ndaphunzirapo. Koma poti eni galimoto ndi opuma pa ntchito ndipo ndalama zawathera, kodi sizingatheke kuthira mankhwala aja otseka podontha mu radiyeta, kuti galimoto iyambe yayenda?

Makanika wopuma wa ku Thyolo:
Ayi, zimenezo musayese. Mankhwalawo angatseke kabowo ka radiyeta, koma sangakhazike silivu imene yasuntha, ndipo akatsekanso timipata ta radiyeta yomwe yangokonzedwayi. Madzi akapitiriza kulowa mu oyilo, mabering'i a crankshaft ndiwo adzayamba kudyeka, ndipo ntchito ya masilo idzasanduka ntchito yopala crankshaft. Injiniyo isalirenso ngakhale mphindi imodzi mpaka itatsegulidwa.

Makanika wa ku Chitakale:
Ndachita monga mwanenera, bambo. Madzi akudontha pa masilivu awiri apakati. Mtima wanga wakhala pansi chifukwa ndadziwa chimene chalakwika, komanso wandiwawa chifukwa wolakwa ndi ine. Tsono ndipange bwanji pakhomo pa munthu, popanda dzenje kapena chokwezera injini?

Makanika wopuma wa ku Thyolo:
Mitengo itatu yolimba ya bulugamu ndi tcheni buloko yobwereka zikukwanira. Ndikulangiza kuti injini ituluke, chifukwa inakhazikidwa mopendekeka, ndipo kuyeza masilivu utawerama m'boneti sungayeze molondola. Usinthe masilo onse anayi, osati awiri okhawo. Usanazule kanthu, lemba nambala pa silivu iliyonse ndi pisitoni wake, ndi chizindikiro cha mbali imene inayang'ana, ndipo ukumbukire kuti a Peugeot amawerenga silinda yoyamba kuchokera kumbali ya giyabokosi, osati kutsogolo. Mipando ya masilivu uitsuke mpaka iwale, ndipo uone ngati dzimbiri silinakumbe timaenje, poti galimoto zathu zambiri zinkathiridwa madzi a pa mpopi opanda mankhwala oteteza dzimbiri.

Chachikulu koposa ndi ichi: milomo ya masilivu iyenera kutulukira pang'ono pamwamba pa buloko, kuti hedi ikamangidwa ipanikize masilivu asanafike pa bulokoyo. N'chifukwa chake masilo amabwera a makulidwe osiyanasiyana. Uike chitsulo chowongoka pamwamba, uyeze ndi feeler gauge, timalata topyapyala toyezera mipata, ufananitse ndi muyeso wa m'buku la injiniyo, ndipo masilivu oyandikana asasiyane msinkhu. Gasiketi imene wamanga kale yatha ntchito, ugule ina. Mavalavu uwatchere injini ili yozizira, 0.10 mm olowetsa ndi 0.25 mm otulutsa, ndipo galimoto ikayenda makilomita pafupifupi 1,000 udzamangenso mabawuti a hedi ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, n'kutcheranso mavalavuwo.

Wowotcherera wa ku Bvumbwe:
Ine za masilivu si mbali yanga, koma ndipemphe kuti injini ikatuluka musafulumire kuibwezera. Galimoto imene yakhala zaka 11 pa dothi la ku Mulanje, ndi mvula ya kumeneko komanso chiperoni cha mwezi wa June ndi July, imadyeka kuchokera pansi. Tukulani makapeti, gogodani pansi ndi sikuludiraiva, muonenso m'munsi mwa zitseko, pamene pamakhala batire, ndi pamwamba pamene pamangiriridwa mashoko akutsogolo. Ndinaonapo ina yopentedwa bwino kwambiri imene jeke inaboola pansi pake tikuikweza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati m'chipinda cha injini muli powotcherera, nthawi yake ndi ino pamene muli poyera, chifukwa injini ikabwerera mudzalipira kawiri.

Makanika wa ku Nkando:
Ndiwonjezere za mafuta ndi mabuleki, poti ndi kumene vuto lotsatira likudikira. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol, kuyambira 1982 pamene anayamba kupanga ethanol ku Dwangwa, ndipo ethanol amakoka chinyezi komanso amafewetsa mapaipi akale a labala. Thanki imene inatsala ndi petulo pang'ono kwa zaka zonsezi ili ndi dzimbiri m'kati, ndipo dzimbirilo lidzathera mu kabuleta. Mafuta a mabuleki nawonso amayamwa madzi, kotero ndikuyembekeza kuti mupeza mapisitoni a mabuleki atagwira. Koma achimwene, vuto lanu lalikulu silili mu injini, lili pa mgwirizano. Munatchula mtengo wa paipi imodzi pa galimoto imene chilichonse cha labala chinafa tsiku limodzi. Paipi yatsopano itagwira mphamvu ya madzi, mphamvuyo inangosamukira pamalo ena ofooka, kuchoka pa radiyeta kupita pa pampu, kuchoka pa pampu kupita pa gasiketi. Eni galimoto akamva mtengo watsopano sabata iliyonse amaganiza kuti mukuwadyera, pamene mukanawaonetsa zonse pa tsiku loyamba akanasankha okha. Ine galimoto yogona sindiigwira ndisanaiyendere yonse ndi mwini wake, pepala lili m'manja, ndipo tsiku loyenderalo amalipira.

Makanika wa ku Luchenza:
Nanga ntchito ya masilivuyi alipire ndani? Ine ndikuona kuti masilo a zaka zimenezo akanatha ndithu, choncho eni ake alipire zonse.

Makanika wopuma wa ku Thyolo:
Mwina akanatha, koma oyilo anali wopanda madzi mnzathuyu asanatembenuze injini, ndipo iye mwini wanena zimenezo. Maganizo anga ndi akuti awauze aphunzitsiwo zoona, ntchito ya manja pa masilo ndi gasiketi yachiwiri ikhale yake, koma zimene zipezeke zitatha chifukwa cha ukalamba, monga maring'i ndi mabering'i, agule eni ake atazionera okha. Ku Chitakale anthu amadziwana, ndipo mbiri ya makanika wobisa cholakwa imafika pa msika iye asanafike.

Wa zamagetsi wa ku Muloza:
Pa pepalalo muikeponso mawaya. Galimoto yogona m'chisakasa ndi nyumba ya makoswe, ndipo waya wotafunidwa kuseri kwa dashibodi angapsereze ntchito yonseyi usiku umodzi. Kufikira nditabwera kudzaona, muzichotsa waya wa batire mukaweruka. Za masipeya musataye mtima: 504 inayamba kupangidwa mu 1968, koma ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuimanga mpaka zaka za m'ma 2000, choncho zida za injini zimapezeka mukafunsa bwino. Zovuta ndi magalasi, nyali ndi malabala a zitseko, ndiye mnyamata wanu asataye kanthu, ngakhale kooneka ngati kotha.

Makanika wa ku Chitakale:
Zikomo nonse. Dzulo ndinakhala pansi ndi aphunzitsi aja ndipo ndinawafotokozera cholakwa changa. Anakhala chete kanthawi, kenako anati walira mvula walira matope, poti ndi iwo amene anafuna kudzutsa galimoto ya bambo awo. Tinaiyendera limodzi kwa maola atatu. Pansi pa mpando wa dalaivala paboola, mabuleki akumbuyo agwira, thanki ili ndi dzimbiri, ndipo makoswe adya mawaya a nyali zakumbuyo. Tagawa ntchito m'magawo anayi, gawo lililonse ndi mtengo wake wolembedwa, ndipo palibe gawo limene liyambike linzake lisanathe: injini ndi kuwotcherera kwa m'chipinda chake, mabuleki ndi thanki, magetsi ndi pansi pa galimoto, kenako penti. Iwo ankafuna kuyamba ndi penti kuti abale aione pa Khirisimasi, koma avomera kuti ikhale yomaliza, galimoto ikapeza kaye COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Injini ituluka Loweruka. Bambo a ku Thyolo, ngati mungandibwereke chitsulo chanu chowongoka chija, mnyamata abwera kudzatenga Lachisanu m'mawa, ndipo miyeso ya masilivu onse anayi ndidzakutumizirani ndisanagule masilo.