Mpira wa galasi la mabotolo a mowa, a ku Australia akufuna kunena chani?

Nachisale_Adl:
Anzanga amene mwakhalitsa kuno tandithandizeni. Pa chionetsero china muno mu Adelaide pali mpira wa footy uja wooneka ngati dzira, koma wopangidwa ndi galasi la mabotolo a mowa abulauni aja, pambali pake chikho cha ligi chosungunuka mpaka kupendekeka. Eni dziko amangoseka chamumtima ine osatolapo kanthu. Ndi nthabwala chabe kapena akuwanyoza azibambo awo?

Malume_Perth:
Akuwanyoza ndithu chemwali, koma mowaseka. Kuno mowa, mpira ndi uchamuna zinalukana kalekale. Kuyambira 1916 mabala ambiri ankatseka 6 koloko madzulo, ndiye bambo akaweruka 5 koloko amathamangira ku bala kukakhuthula matambula ambirimbiri ola limodzi lokhalo, ndipo kwanu ku South Australia lamuloli linatha 1967. Azimayi mu bala yaikulu sankaloledwa, moti 1965 potsutsa zimenezi Merle Thornton ndi Rosalie Bogner anadzimangirira ndi tcheni ku kauntala ya Regatta Hotel ku Brisbane. Bob Hawke amene anakhala nduna yaikulu 1983 anthu amamukonderanso poti ali pa yunivesite ya Oxford anagugudiza chitambula chachitali cha mowa m'masekondi 11. Ndiye mpira woti ukaumenya theche uphwanyika, mwaona pamene akulasa.

Chimzy88:
Malume mwasiya chimodzi. Tambula yomweyo ndi chida, anthu amatemana nayo kumaso mu bala moti ku Queensland mabala ena ovuta anawaletsa matambula a galasi wamba. Kwa ine chikho chopendekekacho sichoseketsa ayi, akazi ambiri amadziwa zimene zimachitika kunyumba timu ikaluza bambo atakhuta.

KaMphepo:
Ine za matanthauzo sindilowako, ndimangosilira ntchito yake. Galasi la botolo ndi lamakani, limalimba msanga ukangolichotsa pa moto ndiye kuliuzira nkovuta, ambiri amaliphwanya nkulisungunulira mu chikombole. Ukasakaniza mabotolo a mitundu yosiyana limang'aluka pozizira, ndipo chinthu chokhuthala chimafunika chizizire pang'onopang'ono mu uvuni masiku angapo. Pitani ku JamFactory, malo a ntchito zaluso konko ku Adelaide, ilipo kuyambira 1973 ndipo mumatha kuonerera akuuzira galasi. Ku Canberra kuli Glassworks mu nyumba yakale yamagetsi ya Kingston.

Bambo_a_Tadala:
Aaa inu, amene akunyozedwawo ku gallery amapitako? Ali ku MCG, bwalo la zamasewero la ku Melbourne, ndi mowa wawo mu kapu ya pulasitiki. Amene amagula zimenezi ndi omwa wine, kuseka anthu ogwira ntchito zamanja basi.

Nachisale_Adl:
Bambo a Tadala pamenepo mwandiseketsa, potsegulira chionetserocho amagawadi wine kkkk. KaMphepo ku JamFactory kuonerera amalipiritsa kapena ndingotulukira Loweruka?