Thanki ya dizilo ikudontha mu Grand Banks 42: tinyamule injini kapena tidule thankiyo?

Wa ku Hout Bay: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Atibweretsera boti la Grand Banks 42 la fibreglass, la injini ziwiri za Ford Lehman 120. Pansi pa boti pakununkha dizilo. Thanki ya kumanzere, yachitsulo ija, yadyeka ndi dzimbiri pamwamba, koma m'munsi ili bwinobwino. Bwana akuti tinyamule injini kuti thanki ituluke yathunthu. Mtima wanga ukukana.

Wa ku Durban: Achimwene, musanagwire sipanala, kwerani pa deki muone matabwa a teak. Maboti amenewa matabwa ake anamangidwa ndi masikuluwu ambirimbiri. Teak ikaperepeseka, timitengo totseka mitu ya masikuluwu timazuka, madzi n'kumalowa. Onaninso pakamwa pothirira mafuta. Madziwo amadonthera pamwamba pa thanki n'kukhazikika pamenepo, n'chifukwa chake yayambira kumwamba kuola. Mukaika yatsopano osatseka pamenepo, mudzaigwiranso ntchitoyi.

Wa ku Hout Bay: Mwalasa. Pozungulira pothirira mafuta m'ponyowa, plywood ya mkati yafewa ngati chinkhupule.

Mkulu wa ku Monkey Bay: Mwana wanga, injini isiye pomwe ili. Ukaisuntha uyambanso kulimbana ndi kuwongola shafiti (mtanda wolumikiza injini ndi pulopela), ndipo boti lokalamba silibwerera msanga m'malo mwake. Popa dizilo yense, tsuka thanki ndi sopo ndi madzi, ipitidwe mphepo, kenako uidule zidutswazidutswa momwemo ndi macheka amagetsi. Galayindala ayi, ndakupemphera. Moto wothetheka m'chipinda cha injini ndinauonapo, sindifuna kuuonanso.

Wa ku Southampton: Bambo anena zoona, kuno timatero. M'malo mwake timaika mathanki awiri kapena atatu a aluminiyamu ya mtundu wa 5052 olowa pakhomo la chipinda cha injini, n'kuwalumikiza ndi mapaipi. Yambani mwapanga chitsanzo cha makatoni muone ngati chikulowa. Aluminiyamu isagone pa thabwa lonyowa, ikani timizere ta pulasitiki pansi kuti mphepo izidutsa, ndipo mkuwa usakhudzane nayo. Mwini boti mumuuziretu kuti malita achepako pang'ono.

Wa ku Durban: Thanki ya kumanja muipimenso ndi mpweya, 3 psi basi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya), osapitirira, thanki ingafufume. Pakani thovu la sopo mowotcherera monse kuti muone potuluka mpweya. Zinabadwa tsiku limodzi zimenezo.

Wa ku Hout Bay: Zikomo akuluakulu. Bwana wavomera titamuonetsa plywood ija. Mawa tikupopa dizilo, makatoni ndatola kale. Ya kumanja ndiipima Lachinayi, ndidzakuuzani.