Foni yagwera m'madzi, satifiketi yanga inali momwemo

Wobisa dzina: Abale ndithandizeni, usiku wonse sindinagone. Satifiketi yanga ya kukoleji anandiikira mu waleti ya pafoni (apu yosungiramo ziphaso ndi masatifiketi), yoti olemba ntchito amangosikana QR code n'kutsimikiza kuti ndi yeniyeni. Dzulo mlamu wanga wagwetsera foniyo m'ndowa. Mlamu yemweyu wakhala pakhomo pano miyezi isanu, chaja changa anapsereza ndi iyeyo, ndikadandaula amuna anga amangoti "musiyeni, ndi mwana". Lachisanu ndili ndi intavyu. Ndiye kuti satifiketi yapita basi?

Wamakompyuta: Mayi, ndi apu iti? Nanga mawu achinsinsi obwezeretsera waleti mu foni ina munawalemba papepala?

Ufulu Wanga: Musayambe kunyoza waleti apa! Chiphaso chizikhala ndi mwini wake, osati m'nkhokwe imodzi ya boma. Taonani Aadhaar, chiphaso cha boma ku India, anthu opitirira biliyoni imodzi, zidindo za zala ndi zithunzi za maso awo zonse pamalo amodzi. Bhutan inasankha waleti mu 2023. European Union inakhazikitsa lamulo mu 2024 loti dziko lililonse la m'bungwemo lipereke waleti pofika kumapeto kwa 2026.

Mphunzitsi wopuma: Achimwene, kukhala ndi mwini wakeko ndi komwe kwathera m'ndowaku. World Bank inawerengera kuti mu 2021 anthu pafupifupi 850 miliyoni padziko lonse analibe chiphaso chilichonse. Amenewo muwapatsa chiyani, foni alibe?

Ufulu Wanga: Bambo, mukusokoneza nkhani. Ndi waleti mumangoonetsa kuti mwakwana zaka 18, tsiku lobadwa osaulula. Pepala lingatero?

Nachisale wa ana atatu: Inu, vuto lanu si foni. Mlamu azipita kwawo.

Dalaivala: Ine yanga anandibera m'basi, zithunzi za maliro a bambo anga zinapita zonse. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Wamakompyuta: Koleji yomwe inasainira satifiketiyo ikadali ndi mbiri yanu, ikhoza kukutumiziraninso mu foni ina. Alembereni lero, olemba ntchitowo muwauzenso. Wina akabwera ku inbox kupempha mawu obwezeretsera, ameneyo ndi wakuba.

Ufulu Wanga: Mwaona? Palibe wapita kukaima pamzere ku ofesi ya boma!

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Mlamu uja tsopano akuti foniyo inagwa yokha, amuna anga amukhulupirira.

Wamakompyuta: Mayi, chonde, apu iti? Pepalalo lilipo?