Okumba manda amatchedweranji adzukulu?

Mdzukulu wa ku Area 25: Abale ndithandizeni. Sabata yatha tinakaika agogo aamuna ku Dedza, atisiya ali ndi zaka 93. Njala ya 1949 anaiona ali mnyamata. Anapita ku Joni pa Wenela, kampani imene inkalemba anthu ntchito ya kumigodi, n'kubwerako a Kamuzu ataletsa maulendowo mu 1974, ndege yonyamula Amalawi ochokera kumigodi itagwa ku Francistown, ku Botswana. Ndalama ya kumigodi inathera pa malata ndi fizi ya ana awo 7. Ife tinakulira pakhonde pawo, akutisendera nzimbe ndi kampeni kawo ka ku Joni komweko.

Ndiye m'mawa wa tsiku loika, bambo wina anakuwa kuti "nsima ya adzukulu yapsa!" Ine ndi msuweni wanga nyamu, mpaka kusamba m'manja. Azakhali anandikoka chitenje: "Iwe, wakumba manda ndiwe?" Amayi pasiwa anachita kubisa nkhope m'nsalu, kuseka. Zinakhala bwanji kuti okumba manda atilande dzina, eni akefe tili pomwepo?

Wa ku Mitundu: Pepani ndi zovutazi achemwali. Koma mwandiseketsa. Agogo anga aakazi ankati nsima imeneyo wachibale sadya, ndipo ikapita kumanda sibwerako. Ndili mwana ndinkasirira nkhuku yake.

Mphunzitsi wopuma: Nkhani yagona pa mawu akuti kudzuka. Gogo akamwalira amadzuka mwa mdzukulu, n'chifukwa chake timapatsa mwana dzina la agogo ake. Womugoneka ndi womudzutsa dzina n'limodzi. Basi.

Mayi wa ku Ntcheu: Aphunzitsi, izo mwazipeka muli pampando wa ndalema. Ine agogo anga aamuna ankanditchula kuti mkazi wanga, ine n'kumawalanda chipewa, kuwanena kuti nkhalamba yopanda mano. Mwana wawo wowabala akanayerekeza? Mdzukulu yekha ndiye saopa gogo. Nawo okumba aja saopa maliro, amaseka, amaselewula anamfedwa, wina mpaka kutsanzira mayendedwe a malemu. Pa maliro a agogo angawo wina anavala jekete lawo n'kumatsokomola ngati iwo, amayi anga akulira n'kuphulika kuseka.

Mphunzitsi wopuma: Mayi, kutsanzirako ndiye kudzuka kumene ndikunenaku. Mwandivomereza osadziwa.

Mdzukulu wa ku Area 25: Za mkazi wanga zo n'zoona. Nane ankati ndikapanda kuwabweretsera shuga andisudzula. Ulendo womaliza, mu Ogasiti, ndinaiwala shugayo. Anati ukwati watha, koma pobwerera anandimangira mtedza m'kathumba.

Wa ku Mitundu: Mwandiliritsa achemwali.

Malume wa ku Bulawayo: Kuno bambo anga, amene anachoka ku Nkhotakota kalekale, tinawaika ndi a kampani ya maliro, manda tinapeza okumbakumba. Amayi anadandaula mwezi wathunthu kuti amuna awo apita ngati opanda mudzi, popanda adzukulu. Ife ana tinkadabwa, poti adzukulu anadzaza basi yonse.

Mayi wa ku Ntcheu: Ndi zimenezo. Ana a lero sakudziwa ngakhale chifukwa chimene timaikira masamba pamsewu. Wina anadutsa pa njinga yamoto wailesi ili pamwamba, amfumu anachita kumulipitsa. Ndiye uthenga wa maliro amalemba pa WhatsApp kuti "madala apita RIP". Madala! Munthu wa zaka 90!

Mnyamata wa ku Ndirande: Mayi musatinyoze tonse. Madala ndi ulemu kwa ifeyo. Komanso pamaliro m'tauni muno amagwira khasu ndani? Si ife omwe a "bho bho"?

Mayi wa ku Ntcheu: Khasu mumagwira, koma mutayamba mwafunsa kachasu.

Mphunzitsi wopuma: Tibwerere ku funso. Ndaphunzitsa Chichewa zaka 31. Kudzuka, mdzukulu. Tamverani mawuwo bwinobwino.

Wa ku Mitundu: Aphunzitsi, mwa njira imeneyo ndiye kuti nkhuku inachokera ku nkhuni.

Mdzukulu wa ku Area 25: Ndawaimbira azakhali kuwafunsa. Akuti, "Ukanafunsa agogo ako ali moyo, unkangodya nzimbe." Kenaka afunsa ngati ndatumiza kale yanga ya simenti ya chiliza.

Mphunzitsi wopuma: Ndipatseni nambala ya azakhaliwo.