Nginx ikukana kuyaka, ikuti port 80 ili ndi mwini kale

Moni nonse, ndithandizeniko. Pa seva yanga ya Ubuntu ndikayatsa Nginx, pulogalamu yotsegulira anthu masamba a pa intaneti, imazima pompo, ndipo mu log mukulembedwa kuti bind pa 0.0.0.0:80 (kugwira port 80, khomo limene anthu amalowera pa tsamba) yalephera, "98: Address already in use".

Ndinkaganiza kuti ndi Apache, pulogalamu ina yogwira ntchito ngati ya Nginx, popeza nayonso imakhala pa port 80, ndiye ndinaizimitsa ndi systemctl stop apache2. Vuto silinathe. Chondidabwitsa n'chakuti sudo ss -ltnp, yoonera mapulogalamu amene agwira ma port, ikuonetsa kuti yagwira port imeneyi ndi nginx yomweyo!

Kodi ndi process yakale ya Nginx imene inatsalira systemd (yoyatsa ndi kuzimitsa mapulogalamu pa seva) osaidziwa? Ndingoipha ndi kill, kapena ilipo njira yabwino yoizimitsira? Chimene ndikuopa kwambiri n'chakuti vutoli lingadzabwerenso ndikadzayatsanso makinawa, pamene anthu akudikira kuti tsamba litseguke. Amene munakumanapo nazo, chonde ndiunikireni.